Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Mwambi uwu udabadwa usiku. Banja lagona pamkeka, chitseko chapiringidzidwa, kunja kuli mdima wa ndiweyani, ndipo mmodzi mwa ogonawo m'mimba mwayamba kumupota. Sadikira kuti mnzake adzuke kudzamutsekulira. Amadzuka yekha, n'kupapasa mpiringidzo, n'kutuluka. Makolo adaona zimenezi nati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amene vuto lamugwira ndiye ayenera kuyamba kuchitapo kanthu.

Masiku ano mwambiwu umamveka kwambiri pamisonkhano ya chitukuko. Mlangizi akasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango kudzalengeza kuti kwabwera thandizo la ndalama zosabweza la magulu a alimi, kawirikawiri amamaliza nawo mawu ake. Amangouyamba, anthu n'kuumaliza okha, ena akuseka, ena akugwedeza mitu. Ndipo mwambiwo sunama. Koma pali chinthu chimodzi chimene sutchula, chifukwa aliyense ankachidziwa kale: chitseko chija n'cha nyumba ya mwini wake, mpiringidzo uli m'kati, ndipo dzanja lake likufikapo. Makolo sadanene za munthu amene wamva m'mimba koma chitseko chili ndi loko wakunja, kiyi ali ndi wina ku Lilongwe.

Titenge dera la Mfumu Yaikulu Chiwalo, limene lili kuchigwa, mbali ya boma la Phalombe yoyang'ana ku nyanja ya Chilwa ndi malire a Mozambique. Phalombe idakhala boma palokha mu 1998 itachoka ku Mulanje, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 400,000 m'bomali. Ambiri ndi Alomwe, anthu a chikamwini, kotero munda kawirikawiri umakhala wa kuchikazi, ndipo ukamagawidwa kwa ana aakazi m'badwo ndi m'badwo umanka nuchepa. Dothi la m'chigwamo lambiri ndi makande: mvula ikachuluka madzi amangoima, ikadula nthaka imang'ambika ming'alu yolowa dzanja. Pa dothi lomweli pamamera chimanga, mapira, mpunga m'madambo, mpendadzuwa, ndi nandolo amene amasiyidwa m'munda chimanga chikakololedwa kuti akhwime ndi chinyezi chotsala.

Anthu a kuno sangaphunzitsidwe kutsekula chitseko. Napolo wa mu Malichi 1991, amene adatsika m'phiri la Michesi ndi miyala yonga nyumba, akuluakulu a m'bomali amamusimbabe. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 adabwera, kenako a mu Malichi 2019, anamondwe Ana ndi Gombe mu 2022, ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 amene adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Chaka chotsatira kudagwa ng'amba, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Pakati pa zonsezi, bambo wa kwa Chiwalo amakwera njinga mbandakucha kukagwira ganyu ku Mozambique, n'kubwerako ndi thumba la makaka kapena chimanga. Mayi amaphika kalongonda tsiku lonse, kutaya madzi ndi kuthiranso ena mpaka ululu wake utatha, kuti ana adye. Mnyamata amapalasa kabaza kuchoka pa Nambazo mpaka miyendo kuuma. Amene amati anthu otere akungodikira kupatsidwa sadagonepo m'mudzi mwezi wa Febuluwale.

Chimene chimawagwetsa si ulesi, ngakhalenso mvula payokha. Ndi malonda.

Taonani zimene zimachitika pamsika mwezi wa Meyi. Venda wapachika sikelo panthambi, ndalama zili m'kachikwama ka m'chiuno. Mayi wafika ndi ndowa ya chimanga pamutu, mwana kumbuyo. Akudziwa bwino lomwe kuti chimanga chomwechi adzachigula pamtengo wowirikiza ikadzafika Januwale, mwinanso kwa venda yemweyu. Akudziwanso kuti boma lidalengeza mtengo woyambira, ndipo umene akumuuzawu sukufikapo. Koma kunyumba kuli ngongole ya katapila imene adatenga nthawi yopalira, mwana wa ku sekondale wabwezedwa chifukwa cha fizi, sopo ndi mchere zatha. Amayang'ana muvi wa sikelo, sakhulupirira kwenikweni zimene ukuonetsa, n'kulandira ndalamazo. ADMARC, imene kuyambira 1971 inali msika wa mlimi wa kumudzi, yakhala zaka zambiri ikutsegula misika yake mochedwa kapena yopanda ndalama zogulira mbewu, ndipo mu 2022 idaimitsidwa kaye kuti ikonzedwenso. Njala ya m'boma lolima chonchi imayambira pamenepa, pa sikelo, miyezi isanu ndi itatu isanafike m'mbale.

Nandolo adapereka phunziro lina lowawa. Kwa zaka zingapo anali golide wa kumwera, chifukwa dziko la India linkagula wochuluka. Alimi adakuza minda, ena adagula malata, ena njinga zamoto. Mu Ogasiti 2017 India idaika malire akuti izilowetsa matani 200,000 okha pachaka kuchokera kunja, ndipo mtengo kuno udagwa mpaka m'misika ina kilogalamu sinkafika K100. Matumba adafumbwa m'nyumba. Mu 2021 maiko awiriwa adasainirana mgwirizano woti Malawi azitumiza matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, zinthu zidayambanso kuyenda, koma mlimi wa kwa Chiwalo adaona yekha kuti ganizo lopangidwa ku New Delhi litha kuzimitsa moto pamafuwa ake.

Thandizo la ndalama zosabweza lidakonzedwa kuti lithane ndi zinthu ngati zimenezi, ndipo lalikulu kwambiri m'zaka zapitazi ndi la AGCOM. Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza madola 95 miliyoni a ntchitoyi mu 2017, ndipo gawo lachiwiri lidatsatira mu 2023. Maganizo ake ngomveka. Alimi akhale pagulu, apeze wogula wodalirika n'kugwirizana naye, alembe ndondomeko ya bizinesi yawo, ndipo ikavomerezedwa alandire ndalama zomangira nyumba yosungiramo mbewu, zogulira thirakitala, makina opunthira mpunga, oyengera mafuta, kapena ng'ombe za mkaka. M'gawo loyamba pulojekiti inkapereka K70 pa K100 iliyonse, gulu n'kusonkha K30 yotsalayo: K10 ndalama zenizeni, K20 ya zinthu monga njerwa, mchenga ndi thukuta lawo. Makopaletivi ambiri m'dziko muno aimirira ndi ndalama zimenezi, ndipo palibe chifukwa chobisira zabwinozo. Nyumba yosungiramo mbewu ndiyo yankho lenileni la sikelo ya venda, chifukwa gulu lokhala ndi posunga limatha kudikira mtengo.

Koma tiyeni tiwerenge maloko. Gulu likhale lodziwika ndi lokhazikika, lokhala ndi malamulo ake ndi mabuku olembedwa bwino. Likhale ndi akaunti ku banki, ndipo kwa munthu wa kwa Chiwalo kusaina pepala limodzi kungadye tsiku lathunthu ndi ndalama ya kabaza, kupita ndi kubwera, osainira ake atatu. Lipeze kampani yovomera kugula, pamene makampani ambiri ali ku Limbe ndi ku Blantyre ndipo amafuna matani, osati ndowa. Mapepala ake ambiri ali m'Chingerezi, ndipo ngakhale pulojekiti imatumiza akatswiri othandiza kulemba, iwowo amafika kwa gulu limene ladutsa kale pakhomo loyamba. Kenako K10 ija. Imamveka yochepa, koma pa ntchito ya K50 miliyoni ndi K5 miliyoni, ndipo gulu la anthu 100 aliyense ayenera kutulutsa K50,000 m'chaka chimene mwina madzi adakokolola munda. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi makina idathawa ndondomeko zimene zinali zitalembedwa kale.

Zotsatira zake n'zosadabwitsa. Amene amalowa ndi alimi okhalako bwino: a maekala angapo, mphunzitsi wopuma ntchito wodziwa kulemba kalata, mwini golosale amene amalimanso. Iwowa si akuba, ndipo kutukuka kwawo kumapindulira mudzi. Kungoti m'mimba mwawo simukupota ngati mwa mayi wamasiye wa theka la ekala, amene sadalowe n'komwe m'kopaletivi chifukwa sakadakwanitsa sheya yolowera. Mwambi uja ukanenedwa pamsonkhano iye ali pomwepo, umasanduka mlandu: ngati sudalandire, ndiye kuti sudadzuke.

Apa mpofunika mwambi wina woti uyankhe woyambawo, ndipo makolo omwewo adausiya: kupatsa n'kuikiza. Wopatsa mnzake mbewu chaka cha njala sadataye. Adasungitsa, ndipo adzazipeza tsiku lina. Anthu ena ophunzira amaopa kupereka ndalama kwa osaukitsitsa, ati amangodya. Koma dziko lino lili ndi umboni wake. Mtukula Pakhomo adayamba ku Mchinji mu 2006, ndipo Phalombe inali m'gulu la maboma asanu ndi awiri oyambirira kulandira. Ndalama zake n'zochepa, zimapita ku mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo palibe amene amawalamula chogula. Akatswiri a Centre for Social Research ku Zomba pamodzi ndi anzawo a University of North Carolina atatsatira mabanja olandira ku Salima ndi ku Mangochi kuyambira 2013 mpaka 2015, adapeza kuti pa K100 iliyonse imene banja lidalandira, phindu lake pakhomo linkafika pafupifupi K169. Agogo a m'mabanjawo adagula nkhuku, mbuzi, makasu ndi feteleza, adachepetsa maganyu m'minda ya eni n'kulima yawo, ndipo mabanja ambiri adayamba kudya kawiri patsiku. Ngati nkhalamba zolera ana amasiye zidatha kubereketsa ndalama chonchi, nanga mayi wamphamvu zake wogulitsa matemba angalephere bwanji?

Amene akufuna kuona mmene anthu osauka amasamalira ndalama akakhale nawo pa banki mkhonde. Amayi amakhala mozungulira pamkeka, bokosi lili pakati, maloko ake atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kwa munthu wachinayi. Mlembi amaitana dzina lililonse, mwini dzina n'kuponya masheya ake m'mbale poyera, owerenga ndalama n'kunena mokweza kuti aliyense amve. Wochedwa amalipa chindapusa, wolankhula pamene mnzake akulankhula chimodzimodzi. Pali kathumba kapadera ka zadzidzidzi, ka maliro ndi matenda. Wobwereka amanena pamaso pa onse chimene akufuna kuchita, ndipo onse akudziwa ngati amaphikadi mandasi kapena ndalamayo ikathera kumowa kwa mwamuna wake. Pofika Disembala amaphwanya bokosi n'kugawana, nthawi yomwe feteleza akufunika. Magulu otere, amene ena amalumikizana ndi COMSIP, amasunga mabuku molongosoka kuposa maofesi ena okhala ndi makompyuta. Vuto lawo n'limodzi: onse ndi osauka, ndipo onse amasowa ndalama mwezi umodzi. Bokosi limakhala lopepuka nthawi imene aliyense akulifuna.

Bwanji osangowakongoza? Ngongole ili ndi malo ake, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama amakongozadi. Koma ngongole imafuna chaka chodziwika mathero ake. M'chigwa chimene madzi alowa m'minda kanayi kapena kasanu m'zaka khumi, ngongole ya ulimi imatha kusiya banja lopanda mbuzi, lopanda njinga, nthawi zina lopanda malata. Mpamba woyamba wa munthu wotere uyenera kukhala wosabweza, ndipo ngongole ibwere pambuyo, akakhala ndi poponda.

Njira imene ikuoneka kuti idapimidwa pa msinkhu wa mudzi idadzera kusukulu. Bungwe la WFP, ndi ndalama za European Union, lidayambitsa ntchito ya Tsogolo la Thanzi, imene ambiri amangoti Tsolata, m'maboma a Nsanje, Chikwawa, Zomba ndi Phalombe. M'malo motumiza ufa wa phala kuchokera kutali, ndalama zimapita kusukulu, ndipo komiti ya makolo ndi aphunzitsi imagula chakudya kwa magulu a alimi a m'dera lomwelo: chimanga, mpunga, nandolo, mtedza, mbatata, masamba ndi zipatso za nyengo yake. Amayi a m'midzi yozungulira amasinthana kuphika. Tangoganizani kusiyana kwake. Wogula uja amene gulu likadamusaka ku Limbe ali kuseri kwa tchalitchi, mtunda wongoyenda ndi njinga. Safuna lole yodzaza. Amafuna matumba owerengeka teremu iliyonse, muyeso umene gulu laling'ono lingathe. Mtengo amakambirana anthu odziwana. Ndipo nandolo amene akadakwera sitima ku Nacala kapena ku Beira amadyedwa ndi mwana wa amene adamulima, mwana amene kale ankapita kusukulu m'mimba muli gwa, n'kumasinza pofika 10 koloko.

Ndalama imodzi yagwira ntchito zitatu pamenepo: yadyetsa mwana, yapatsa mlimi msika, ndipo yatsala m'mudzi kuzungulira pa chigayo, pa golosale ndi kwa telala. Gulu limene lagulitsa kusukulu zaka ziwiri limakhala laphunzira kusankha mbewu, kuyeza chinyezi, kulemba malisiti ndi kusunga pangano, zinthu zomwe zija AGCOM imafuna. Chodetsa nkhawa n'chakuti ntchito zotere zimadalira abwenzi akunja ndipo zili ndi tsiku lothera. Boma la Malawi likadaika ndalama zake zokhazikika pa chakudya cha m'sukulu, n'kulamula kuti gawo lalikulu ligulidwe kwa alimi ang'onoang'ono, sikukadakhala kuyesa zachilendo. Dziko la Brazil lidakhazikitsa lamulo lotere mu 2009, lakuti 30 peresenti ya ndalama za chakudya cha m'sukulu izigula kwa alimi a m'mabanja.

Pali anthu ena amene mapepala a thandizo sawaona n'komwe, chonsecho ndiwo amafikitsa ndiwo m'mbale. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, njosaya, ndipo idaphwa mu 1968, mu 1995, n'kutsala pang'ono kutheratu mu 2018. Koma madzi akabwerera, matemba, milamba ndi makumba zimabwereranso, ndipo matemba ndiwo nyama ya munthu wosauka kuyambira ku Phalombe mpaka ku Ndirande. Amene amawayanika, kuwawamba ndi kuwanyamula pamutu kapena panjinga ambiri ndi amayi. Akayanika pansi, nsomba zimalowa mchenga ndi ntchentche. Kukachita mitambo masiku awiri, dengu lonse limawola, mpamba n'kuthera pomwepo. Ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo, imene idayamba mu 2010 ndi ndalama za dziko la Norway m'maboma a Machinga, Zomba ndi Phalombe, idamangira magulu a amayi nyumba za pulasitiki zoyanikiramo nsomba ndi dzuwa m'madoko monga Kachulu. Nsomba zidayamba kutuluka zoyera, zosachedwa kuuma, zogulitsika pamtengo wabwino. Sizidafune mamiliyoni ambirimbiri. Zidafuna munthu woti afike padoko, aone pamene ndalama ikutayikira.

Chimodzimodzi mwini chigayo amene injini yake yafa mudzi wonse n'kumayenda mtunda wautali kukagayitsa, kapena gulu lofuna kamakina koyengera mafuta a mpendadzuwa kuti asamagulitse njere motchipa n'kumagula mafuta a m'botolo modula. Oterewa amakakamira pa chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, chimene chimafuna nyumba ya simenti, madzi aukhondo ndi ndalama zoyezetsera. Thandizo lolipira zimenezo lokha lingatsegule mashopu ndi masukulu kwa iwo.

Kunena zoona, ndalama zosabweza zili ndi matenda ake, ndipo anthu a kumudzi amawadziwa kuposa aliyense. Amadziwa magulu obadwa usiku umodzi chifukwa kwamveka mphekesera ya thandizo, n'kufa tsiku logawana. Amadziwa mayina a abale a anthu audindo amene amapezeka pamndandanda uliwonse. Adaonapo makina atachita dzimbiri m'kanyumba kokhoma chifukwa adafika kumudzi kopanda magetsi, kapena chifukwa kachitsulo kamodzi kadathyoka ndipo kopezeka nako ndi ku Joni. Pamenepa mpomveka kuti opereka amafuna gulu lisonkheko kanthu, pakuti chinthu chimene munthu adachikhetsera thukuta amachisamala. Funso ndi lakuti asonkhe chiyani. Njerwa, mchenga, masiku ogwira ntchito, ndi mabuku a banki mkhonde a zaka zitatu osasowa tambala, zonsezi ndi umboni wakuti gulu ndi lenileni, ndipo mayi wa theka la ekala angathe kuupereka. Mayina a olandira akawerengedwa pabwalo, pamaso pa mfumu, komiti ya chitukuko ndi mudzi wonse, monga amachitira amayi a bokosi aja, chinyengo chimasowa pobisala. Pempho likadaloledwa m'Chichewa, ngakhale lonena pakamwa mlangizi n'kulemba, ndipo ndalama n'kudzera pafoni, ulendo wa ku banki ukadachepa.

Chotsala ndi nthawi, ndipo pa ichi mpamene thandizo labwino limafera kawirikawiri. Maofesi amayendera chaka cha boma ndi masiku a misonkhano yovomereza. Munda umayendera mvula. Chimanga cha kwa Chiwalo chimalowa m'nyumba mu Epulo ndi Meyi, mpunga ndi mpendadzuwa zimatsatira, nandolo amayamba kuuma chakumapeto kwa Julayi. Gulu lofuna kugula mbewu za mamembala ake kuti zisapite kwa venda liyenera kukhala ndi ndalama m'manja milungu yomweyo, pamodzi ndi matumba osalowa mpweya oteteza ku anankafumbwe ndi sikelo yakeyake yoyezedwa bwino. Venda sachedwa, amafika ndi ndalama zake tsiku limene ngolo yoyamba yatuluka m'munda. Ndalama ya gulu ikafika mu Okutobala, nyumba yosungiramo mbewu imakhala ili mbee, ndipo komiti ya sukulu ikafuna chimanga cha teremu imeneyo imakachigula kwa venda yemwe uja, pamtengo wake.